Mai Wapakati Akada Nkhawa, Mlandu ndi wa Yani?

Azimai anzanga, pali funso limene lakhala likundibvuta kuyambira tsiku lina titaweruka ku msonkhano wa Cigwirizano. Mai wina wacitsikana, wa ana atatu, anatsalira dala m'mbuyo kufikira anzathu onse atapita. Ndipo anati: "Amai, ndinamva pa wailesi kuti mzimai akamada nkhawa ali ndi pakati, nkhawayo imafika kwa mwana. Uyu wanga waciwiri ndinatenga pathupi pake caka cimene atate ake anali kundimenya. Lero ali ndi zaka 7, koma citseko cikangomenyeka amanjenjemera, usiku sagona bwino, ndipo aphunzitsi akuti sakhazikika m'kalasi. Kodi ndine ndinamuononga?"

Sindinamuyankhe bwino tsiku limenelo. Ndinangomgwira dzanja nkunena kuti, "Iai mwanawe, usaganize zotero." Koma iye sanandipemphe kuti ndimtonthoze. Anandifunsa funso, ndipo funsolo liri pawiri. Kodi nzoona kuti nkhawa ya mai imafika kwa mwana wosabadwa? Nanga ngati nzoona, mlandu ndi wa yani?

Tiyambe ndi za thupi. Pamwamba pa impso iriyonse pali kanthu kakang'ono kamene kamatulutsa homoni, dzina lake cortisol. Munthu akaona njoka m'njira, kapena akamva mfuu ya maliro usiku, ubongo umatumiza uthenga ndipo cortisol amaculuka m'magazi. Nchito yake ndi kuonjezera shuga m'magazi kuti munthu akhale ndi mphamvu zothawa kapena zolimbana ndi coopsaco. Coopsa cikapita, amatsikanso. Ngakhale pa tsiku la mtendere ali ndi nthawi zake: amakwera m'mawa tikangodzuka, ndipo amatsika pang'onopang'ono kufikira usiku kuti tigone. Madokotala amatha kumuyeza m'magazi kapena m'malobvu.

Musaganize kuti cortisol ndi poizoni. Mai aliyense wapakati, ngakhale wa mtima wa mtendere, amakhala ndi cortisol wambiri m'miyezi yotsiriza, kawiri kapena katatu kuposa nthawi zonse. Mwana amamfuna kuti mapapo ake akhwime, adzathe kupuma akabadwa. Mu 1972 madokotala awiri a ku Auckland, dziko la New Zealand, a Liggins ndi a Howie, anaonetsa kuti mai amene matenda amuyamba masiku asanakwane akabaidwa mankhwala ofanana ndi cortisol, mwana wake amapuma bwino akabadwa. Jakisoni ameneyu akupulumutsa ana m'zipatala zathu mpaka lero, ndipo ena a inu munabaidwapo.

Cimene cimandicititsa cidwi ndi nsengwa, ija imatuluka pambuyo pa mwana. Ife timangoiona ngati cotsalira cokakwirira, koma miyezi yonse ija imakhala ngati mlonda wa pacipata. M'kati mwake muli cimene cimafooketsa cortisol wocokera kwa mai asanafike kwa mwana, kotero kuti amene amadutsa ndi wocepa, mwina gawo limodzi kapena awiri pa magawo 10. Ici cikutanthauza kuti kulira pa maliro, kukangana kwa tsiku limodzi, kapena kusowa tulo cifukwa ca ndalama za sukulu, mlonda uja amazikwanitsa. Mlengi sanapange mwana wosabadwa ngati dzira loti lisweke mai wake akangodzidzimuka. Bvuto limabwera pamene nkhawa siitha, lero, mawa, mwezi wathunthu, miyezi 9. Pali umboni wakuti mwa azimai oda nkhawa kwambiri mlondayo amafooka, ndipo zambiri zimadutsa. Thupi la mwana limene likuumbika limaphunzira kuti kunja kumene akupita ndi koopsa, ndipo limakonzekera motero.

Mu 1991 ndi 1992, ku Bristol ndi madera ozungulira, m'dziko la England, ofufuza analemba azimai apakati pafupifupi 14,000. Anali kuwafunsa za moyo wao ndi za nkhawa zao, ndipo anatsatira ana ao caka ndi caka. Ana ena atafika zaka 10 anawayeza malobvu, napeza kuti ana a azimai amene anali ndi nkhawa yaikulu kumapeto kwa pakati anali ndi cortisol wokwererapo m'mawa. Ku New York kunapezeka zina. Pa 11 September 2001, pamene ndege zinagwetsa nyumba zazitali zija, azimai ena apakati anali pomwepo kapena pafupi. Dokotala wina wamkazi, Rachel Yehuda, ndi anzake anayeza azimai 38 mwa amenewa pamodzi ndi makanda ao. Azimai amene anadwala matenda a mantha osatha pambuyo pa ngoziyo anali ndi cortisol wocepa, ndipo makanda aonso, makamaka amene anali m'miyezi 3 yotsiriza pa tsikulo, anali ndi cortisol wocepa.

Taonani, kwina wakwera, kwina watsika. Ciri ngati sikelo ya pamsika imene yagwedezeka: ina imaonjeza, ina imacepetsa, koma zonse sizikuyeza bwino. Kafukufuku wina anacitika pa anthu ocepa cabe, ndipo si onse ofufuza amene amapeza zofanana. Palinso ici: mwana amatengera mtima wa makolo ake m'magazi, ndiponso akabadwa amakulira m'nyumba yomweyo imene munali phokoso lija. Conco palibe dokotala angaloze mwana mmodzi nkunena kuti mantha awa anacokera m'mimba, awa anacokera pa zimene anaona ali ndi zaka ziwiri.

Ciwerengero cimene ndikufuna kuti mucisunge ndi ca ku Bristol komweko. Anawo atafika zaka 13, pa ana 100 alionse a azimai amene anali ndi nkhawa yaikulu, pafupifupi 12 anali ndi mabvuto a maganizo kapena a khalidwe. Pa ana 100 a azimai enawo, anali pafupifupi 7. Kusiyana kulipo, ndipo sikocepa tikaganizira mtundu wonse. Koma werengani ndi mbali inayo: ana 88 mwa 100 a azimai obvutika aja anali bwino. Akulu anati m'mimba ndi m'cipala. Ana awiri a mai mmodzi, obadwa m'mabvuto amodzimodzi, wina amatuluka wamantha, wina wolimba ngati mwala.

Conco yankho la funso loyamba ndi lakuti inde, nkhawa yosatha ikhoza kufika kwa mwana, ngakhale kuti si kwa mwana aliyense. Tsopano funso laciwiri, limene kwa ine ndilo lalikulu.

Ndikuopa cimene ife azimai tingacite ndi nzeru imeneyi. Ndikutiona kale tikupita kukaona mtsikana wapakati, nkumuuza ndi mtima wabwino kuti, "Usamadandaule iwe, upweteka mwana." Taganizani zimene mau amenewa amacita. Mtsikanayu anali ndi nkhawa ya lendi, ya mwamuna amene sabwera kunyumba, ya unga umene watha. Ife tafika nkumuonjezera ina, yakuti nkhawa zakezo zikuononga mwana. Tsopano akuda nkhawa cifukwa ca kuda nkhawa. Ziri ngati kukumana ndi munthu wasenza mtolo wa nkhuni, mwana kumbuyo, cigubu ca madzi m'manja, nkumlangiza kuti asatope. Kutopa sakusankha iye. Ngati tikufunadi kuti asatope, manja tiri nao.

Nkhani ina ya ku Canada inandithandiza kuona bwino mfundo imeneyi. Mu January 1998 kunagwa mvula yozizira kwambiri m'cigawo ca Quebec, imene inali kuuma nkukhala madzi oundana pa mitengo ndi pa nthambo za malaiti kufikira mapolo anagwa. Anthu mamiliyoni anakhala mumdima ndi m'cisanu coopsa, ena kwa masiku ocepa, ena koposa mwezi. Mai wina wa pa yunivesite ya McGill, Suzanne King, anafunafuna azimai amene anali ndi pakati nthawi imeneyo, nawafunsa zinthu ziwiri zosiyana. Coyamba, cinakucitikirani nciani: masiku angati opanda malaiti, munasamuka kangati, munataya ciani? Caciwiri, mumtima munamva bwanji? Atayeza anawo ali ndi zaka ziwiri, anapeza kuti kalankhulidwe ndi nzeru zao zinagwirizana kwambiri ndi kukula kwa bvuto lenileni limene mai anakumana nalo, osati ndi m'mene mai anadandaulira. Mai wolimba mtima amene anakhala masiku ambiri m'cisanu, kulimba mtima kwake sikunabise mwana wake ku cisanuco.

Ife tinaleredwa kuti mkazi weniweni salira poyera, kuti banja ndi kupirira. Kupirira ndi kwabwino, ndipo ambiri a ife tiri pano cifukwa amai athu anapirira. Koma mai akhoza kumwetulira pa khomo la kacisi pamene thupi lake likuwerenga kumenyedwa konse, njala yonse, ndi usiku wonse umene anagona khutu liri kucitseko. Tikamuphunzitsa kubisa cabe, tacotsa phokoso, katundu tamusiya pamutu pomwepo.

Nanga katunduyo amamsenzetsa ndani? Ofufuza a ku London, a gulu la Vivette Glover, atafunsa azimai apakati za zowawa zosiyanasiyana za moyo, anapeza kuti zimene zinakhudza kwambiri ana zinali mabvuto a pakati pa mai ndi mwamuna wake. Kuno kwathu, kafukufuku wa boma wa za umoyo wa mu 2018 anapeza kuti azimai 36 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anamenyedwapo kuyambira ali ndi zaka 15. Pathupi sipaletsa dzanja la munthu wozolowera kumenya. Ndipo nkhanza si cibakera cokha. Mwamuna amene amalandira malipiro nkusowa masiku atatu, amene amakana kuti mimba si yake, amene wapeza wina cifukwa mkazi "watupa", akusenzetsa katundu anthu awiri.

Makolo athu anali kudziwa kanthu pa nkhani imeneyi. Mtsikana akatenga pathupi poyamba, anamkungwi sanali kulangiza iye yekha. Mwamunanso anali kupatsidwa malamulo ake, makamaka lakuti asayendeyende, cifukwa anati akatero mkazi adzabvutika pobereka. Cifukwa cimene anapereka sicinali coona, ndipo cikhulupiriro cimeneci cinapweteka azimai ambiri, pamene mai wobvutika pobereka anali kuumirizidwa kuulula amuna m'malo mothamangira naye kucipatala. Zimenezo tinazisiya, ndipo zisabwerenso. Koma pansi pake panali mfundo yoona, yakuti pathupi si pa mkazi yekha, ndi kuti khalidwe la mwamuna limafika kwa mwana asanabadwe. Ife tinataya mwambo, nkutayira pamodzi ndi mfundoyo. Lero pa cilangizo timakhala ndi mtsikana maola ambiri, mwamuna wake ali ku mpira.

Komabe tisaloze amuna okha. Mu Genesis 16 muli mai wapakati amene anathawa panyumba nkupita kucipululu, Hagara. Amene anamzunza kufikira kuthawa anali mkazi mnzake, Sarai, ndipo Abramu anangomsiya m'manja mwake. Nzoona kuti Hagara nayenso anayamba kupeputsa mbuye wake ataona kuti waima. Koma mphamvu zonse m'nyumba muja zinali kwa Sarai. Ndikamawerenga nkhaniyi ndimaganiza za apongozi amene amati, "Ife tinali kulima mpaka tsiku lobereka," nkumtuma mtengwa wa miyezi 8 kumtsinje. Ndimaganiza za alamu amene amawerenga nthongo zimene mlamu wao akudya. Ndimaganizanso za ife a m'tauni amene tiri ndi atsikana anchito m'nyumba zathu: mtsikana akangooneka kuti ali ndi pakati, mawa lake cola ciri pakhomo. Ndi mwana wathu weniweni wa sukulu akatenga mimba, miyezi yonse 9 timamdyetsa nsima pamodzi ndi mau olasa. Kulakwa analakwadi, koma amene akumva mau athuwo ali awiri, ndipo mmodzi sanalakwe kanthu.

Ena amakonda kukumbutsa kuti mngelo anauza Hagara kuti abwerere kwa mbuye wake, ndipo amagwiritsa nchito mbali imeneyi pobweza mkazi womenyedwa kwa mwamuna wake. Koma mngeloyo anayamba wamtsatira kufikira kukasupe, namuitana ndi dzina lake, namfunsa za ulendo wake, ndipo atamuuza kuti abwerere anampatsanso lonjezo la mwana wake, ndi dzina lakuti Ismayeli, lotanthauza kuti Mulungu amamva. Ife timalumpha zonsezi nkutenga mau akuti abwerere okha. Kubweza mai wapakati kumene akumenyedwa, osamumva, osaitana mwamunayo, osadziwitsa akulu a mpingo kapena a Victim Support Unit ku polisi, ndi kuika dzanja lathu pa katundu uja kuti alemere. Dziko lathu liri ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira 2011, ndipo kuliuza banja si kupasula ukwati.

Wina anganene kuti, nanga maiyo alibe mbali yake? Ali nayo. Kupita kusikelo msanga ndi mbali yake, ndipo bungwe la za umoyo la dziko lonse, WHO, linalangiza mu 2016 kuti mai wapakati aonane ndi azaumoyo kosacepera ka 8. Kusiya mowa ndi fodya ndi mbali yake. Kutsegula pakamwa nkuuza anamwino kuti sagona, kuti amalira popanda cifukwa, kuti cakudya sicikoma ndipo moyo sakuufunanso, ndi mbali yakenso, pakuti amenewa ndi matenda ndipo ali ndi cithandizo. WHO imati m'maiko osauka azimai apakati pafupifupi 15 mwa 100 amadwala matenda a maganizo otere. Si kucepa kwa cikhulupiriro, monga momwe malungo si kucepa kwa cikhulupiriro. Koma munthu amayankha mlandu pa zimene anali ndi mphamvu yosankha. Mai uja wa ana atatu sanasankhe kumenyedwa, ndipo sakanatha kulamula impso zake kuti zisamve mantha.

Pali katundu wina amene sitingathe kumcotsa. Cilala ca 2024, cimene boma linacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinapeza azimai ambiri ali ndi pakati, nkhokwe ziri gwa, madzi ali kutali. Palibe wa ife akanagwetsa mvula. Koma ngakhale m'caka cotero, pabanja pamakhala kusankha: ndani adye coyamba, ndani apite kucitsime ca kutali, ndani aime pa mzere wa unga. Kawirikawiri amene amadya pomarizira ndi yemweyo akudyera awiri.

Cotsala ndi mwana amene anabadwa kale, monga wa zaka 7 uja. Apa nkhani ndi yokoma. Ku McGill komweko, Michael Meaney ndi anzake anaphunzira makoswe, naona kuti ana a khoswe amene amanyambitidwa kawirikawiri ndi mai wao amakula osacita mantha msanga, ndipo homoni yao ya nkhawa imatsika msanga coopsa cikapita. Atatenga ana a khoswe wosasamala nkuwapereka kwa khoswe wonyambita, anawo anakula odekha ngati a mai wowalera. Anthu si makoswe, koma a ku London aja anapeza zofanana mwa ana a anthu. Mu 2010 analemba kuti makanda amene anali ndi cortisol wambiri m'madzi a m'mimba anatsalirako m'nzeru pokhapokha ngati sanali omasuka ndi okhulupirira mai ao. Mwa makanda amene anali kudziwa kuti akalira mai abwera, kutsalirako sikunaoneke. Cimene cinapindika m'mimba cikhoza kuongoka pamsana. Kubereka mwana kumbuyo, kumuyamwitsa, kumnyamula akalira, kugona naye pafupi, zinthu zimene ena ayamba kuziona ngati zacimidzi, ndizo mankhwala ake. Koma mai sangapereke mtendere umene iye alibe, conco tabwereranso pa funso lomwe lija la amene ali pafupi naye.

Anansi athu a ku Zimbabwe anacitapo kanthu kosafuna ndalama zambiri. Dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, ataona kuti madokotala onga iye ndi owerengeka m'dziko lonse, anayamba kuphunzitsa agogo aakazi a ku Harare kukhala pa benchi kunja kwa kiliniki nkumamvetsera anthu obvutika ndi cimene Ashona amati kuganiza kwambiri. Agogowo salalikira ndipo sadzudzula. Amafunsa, amamvetsera, nkuthandiza munthu kusankha bvuto limodzi loti ayambe nalo. Kafukufuku wa mu 2016 anaonetsa kuti anthu amene anakhala pa benchi imeneyi anapeza bwino kuposa amene analandira cithandizo ca nthawi zonse. Mabenchi tiri nao m'mipingo yathu yonse, ndi agogo omwe. Cimene cimatibvuta ife ndi kumvetsera kufikira munthu atatha kulankhula, ndi kusunga cinsinsi tikacoka pamenepo.

Patapita milungu iwiri ndinapita kunyumba kwa mai uja. Ndinamfotokozera za nsengwa, za ana 88 aja, ndi za makoswe, zimene zinamseketsa. Ndinamuuza kuti apite naye mwanayo kucipatala akamuone, cifukwa kusagona ndi kusakhazikika ziri ndi zoyambitsa zambiri. Ndipo ndinamuyankha funso lake monga ndikanayenera kuyankhira tsiku loyamba: kuti mwina zimene anaziona caka cija zinamfikadi mwanayo, koma womenya sanali iye. Anakhala cete nthawi yaitali. Kenaka anati mnyamatayo akadzidzimuka usiku amabwera kudzagona pamphasa pafupi ndi iye, ndipo anali kumbweza poganiza kuti akumlera moipa. Ndinati amleke abwere.

Pondiperekeza anandiuza kuti mng'ono wake ali ndi pakati pa miyezi 6, akukhala kwa apongozi, ndipo madzi a nyumba yonse amatunga yekha. Tinapangana kupitako Loweruka m'mawa. Iye adzatenga zigubu, ine ndidzakhala pakhonde ndi apongoziwo.